Galimoto Yosagunda Pansi

Ine kujambula sindidziwa, ndineneretu. Chimene ndimadziwa ndi kunenerera mtengo. Zaka zonse zimene ndakhala ku Cape Town kuno ndadyera pakamwa: kugulitsa matchaja, zikopa za mafoni, masokosi ndi maambulera pa renki ya maminibasi ya ku Claremont, kulumbirira mayi wachikhosa kuti ambulera iyi mphepo ya kuno siingaithe, chonsecho mumtima ndikupemphera kuti ikathyokere kutali, atakwera kale minibasi. Koma Lamulungu masana, tikaweruka ku tchalitchi, ndinkasanduka woweruza wa zojambula, ndipo amuna akuluakulu a ndevu zawo ankakhala chete ndikatsokomola.

Zinayamba ndi kuzizira. Mnzathu wina wa ku Mulanje anali ndi kamkhukhu kometera ku Mfuleni, malata okhaokha, ndipo m'miyezi ya mvula mphepo inkalowa m'mipata ngati nayonso yabwera kudzameta. Ndiye iye anatola makatoni, n'kuwaphwasula, n'kuwakhomerera m'kati monse. Tsiku lina munthu wina atatopa kudikira pabenchi anatulutsa bolopeni n'kujambula galimoto pakhomapo. Woyandikana naye anati matayala achepa. Wina anati ayi, vuto ndi boneti. Mvula isanathe chaka chimenecho, khoma lonse linali litasanduka galaja.

Lamulo linadzipanga lokha: aliyense ajambule galimoto imene adzapite nayo kumudzi. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anali ndi galimoto. Tinali anthu okhalira kuyang'ana za eni: alonda a pamalo oimikapo, otsuka, anyamata a m'magadeni a ku Parklands amene ntchito yawo ina ndi kutsegulira bwana geti. Koma pozidziwa tinkazidziwa, mpaka kaphokoso ka chitseko.

Munthu ankabwera ndi chidutswa chake cha katoni m'jekete. Wometa ankachipachika pamsomali pamwamba pa galasi, mwiniwake n'kuimirira pambali, manja kumbuyo. Ndiye ife tinkaigula galimotoyo. Wogula wamkulu ndinali ine. Ndinkadzuka pang'onopang'ono, kuiyang'ana chammbali, kumenya theche tayala la mumlengalenga, kenako kupukusa mutu.

"Akulu, galimotoyi inagunda chiyani? Bwanji kutsogoloku kwapindika ngati mlomo wa mwana wokana mankhwala?"

"Ndi sitayilo yake imeneyo."

"Sitayilo? Ndikupatsani zipalapasiro ziwiri za nkhuku, chimodzi mundibwezere tchenje."

Anthu ankaseka mpaka wometa kuzimitsa makina kuti asaboole mutu wa munthu. Koma pambuyo pa phwetelo pankabwera zenizeni: chitseko ichi munthu sangalowe, nyali izi zayang'anana, tayala lakumbuyo lakula kuposa lakutsogolo. Mwiniwake ankamva, n'kukabwera Lamulungu linalo atakonza. Yanga yoyamba anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako wometa anafunsa mwaulemu ngati inali galimoto kapena nkhumba yogona chammbali. Matayala anati ndi mandasi. Kuyambira pamenepo ndinaona kuti mphatso yanga ili pa kugula.

Katswiri weniweni anali telala wina wa ku Mangochi, Msilamu wofatsa, wa dzanja losanjenjemera. Magalimoto ake ankaoneka ngati ungatsegule chitseko n'kulowa, koma munthu m'kati sankajambulamo. "Anthu amalenga ndi Mulungu," ankatero, "ine zitsulo basi."

Madala amene ndikufuna kunena za iwo anabwera chaka chotsatira. Ndinkawadziwa kale. Ankalondera magalimoto kuseri kwa mashopu a ku Claremont, atavala chibibu chachikasu chofwifwa, wamtali, woonda, woyenda ngati akuopa kudzutsa munthu. Chichewa chawo chinali chakale, chosakanikirana ndi mawu a kumigodi. Ankagula masokosi kwa ine, ndipo mtengo woyamba umene ndinkatchula ankangopereka. Zimenezi zinkandipweteka. Munthu wosanenerera mtengo amandichititsa mantha, chifukwa amakhala ngati maganizo ake ali kwina, kumene ine sindingafike.

Tsiku limenelo anakhala pabenchi mpaka onse atatha, ndiye n'kutulutsa katoni yawo. Wometa anaipachika. Tonse tinayandikira.

Inali pikiapu yakalekale, zija zinkanyamula matola kumudzi tili ana. Chilichonse chinalipo: zogwirira za zitseko, tayala lapadera lomangirira kumbuyo, kagalasi koonera m'mbuyo, ngakhale chingwe chomangira boneti. Telala mwiniwake anati, "Eee." Koma ine ntchito yanga inali kupeza chilema, ndipo ndinachipeza. Matayala anali ozungulira bwinobwino ngati mbale, ndipo pansi pake panalibe kanthu. Popanda msewu, popanda kuda kulikonse. Galimoto inali lende pakati pa katoni.

"Madala," ndinatero, "galimoto ndi yabwino, sindikunama. Koma mwaiimika pati? Matayala sakugunda pansi, chithunzithunzi ilibe. Iyi ndi ya mizukwa iyi, yoyenda popanda mafuta."

Anthu anafa nacho chiseko. Madalawo sanaseke. Anaiyang'ana galimoto yawoyo ngati akuiona koyamba, n'kutambasula dzanja, kuichotsa okha pamsomali, kuipinda, kuilowetsa m'jekete. Anatsanzika aliyense mwaulemu n'kutuluka osameta. Tinawaona akuwoloka mchenga wa Mfuleni, mphepo ikukupiza thalauza lawo.

"Aise, pakamwa pakopo padzakuphetsa," anatero wometa.

Ndinaganiza kuti sadzabweranso. Lamulungu linalo anali woyamba kufika, ali ndi katoni ina. Pikiapu yomwe ija, yokongola kuposa poyamba, ndipo inali lende chimodzimodzi. Ulendo uno palibe anaseka. Telala anawakhazika pambali pake, n'kutulutsa pensulo kuseri kwa khutu.

"Onani, madala. Chinthu cholemera chimapondereza. Tayala lozungulira lonse ndi la galimoto imene ili pa jeke. Pansi apa mulidule pang'ono, likhale ngati laphwa. Ndiye mugoneke pensulo chonchi, mudetse kunsi kwa galimoto. Pafupi ndi matayala pade kwambiri, kunjaku kuzipepuka."

Anawaonetsa pa katoni ina, ndipo galimoto inakhala pansi ife tikuona, ngati ng'ombe yogwada. Madala anatenga pensulo. Dzanja limene linajambula chingwe cha boneti mosaphonya, apa linaphonya. Kuda kwawoko kunathera patali, kumbuyo kwa galimoto, ngati chithaphwi chimene yachisiya. Anayesanso Lamulungu linalo, ndi linalo. Nthawi zina chithunzithunzi chinkakhala kutsogolo, nthawi zina chammbali, koma pakati pa icho ndi matayala pankatsala kampata koyera. Ife ena tinapitiriza kusekana ndi nkhumba zathu, koma ikafika nthawi ya pikiapu ija, m'kamkhukhumo munkangomveka makina ometera.

Chifukwa chake anandiuza okha, masana ena a mvula ku Claremont. Malonda anali ataima, tonse titabisala pakhonde la shopu, tikumwa tiyi wa m'makapu apepala.

"Mwana wanga," anatero, "munanena zoona tsiku lija. Ine kwathu anandiika kale m'manda."

Ndinaseka, podikira kuti nawonso aseke. Sanaseke.

Anachoka kwawo, mudzi wina kuseri kwa mapiri a ku Ntcheu, ali mnyamata, kupita kumigodi. Pikiapu ija ndi imene inawanyamula kuchoka pamudzi. Ntchito ya kumigodi itatha sanabwerere. Anachita manyazi kufika manja ali m'thumba. Anati ndigwireko kaye kumafamu chaka chimodzi. Chaka chinabala chinzake, mafamu anawakankhira kumafamu ena, mpaka nyanja ya kuno inawaimitsa. Kalata analeka kulemba kalekale.

Ndiye chaka china, m'sitima yopita m'tauni, anamva mnyamata akuyankhula Chichewa cha kwawo. Anamufunsa mudzi, napeza kuti ndi woyandikana ndi wawo. Atamuuza dzina lawo ndi la malume awo, mnyamatayo anabweza dzanja limene anali atatambasula kale.

"Anati, agogo, inu munafa. Bambo anga anakumba nawo manda anu."

Zimene zinachitika n'zakuti mnzawo wina wa kumgodi anabwerera kumudzi ndi bulangeti lawo, n'kunena kuti anamva zoti thanthwe linawagwera pansi pa nthaka. Abale anadikira, kenako anachita zimene anthu amachita mtembo ukasowa: anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'bulangeti lija, kuliika m'manda ndi nyimbo zonse. Mkazi wawo anamusudzula, anakakwatiwa kwina. Mayi awo anamwalira akudziwa kuti akutsatira mwana wawo. Amene anatsala ndi mlongo wawo mmodzi, wamkulu kwa iwo.

"Bwanji osangowaimbira foni?" ndinafunsa.

"Ndinaimba. Mnyamata uja anandipezera nambala ya mphunzitsi wa pafupi, anawapititsira foni achemwali. Ndinangoti, achemwali, ndine. Ndinamva foni ikugwa pansi. Mphunzitsi anandiuza kuti ndisadzaimbenso, gogoyo sanagone sabata yonse. Mawu alibe mapazi, mwana wanga. Akufa nawonso amayankhula."

Anatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chouma chija cha anthu a kumigodi, mpaka tiyi kutayikira pa nsapato.

"Kuchipatala andiuza kuti mapapowa atha. Ndikafera kuno, ndikudziwa, inu musonkha, mundikweza pathirela monga timachitira. Koma mukakafika kumudzi, iwo n'kukati munthu ameneyu tinaika kale, mukanditula pati? Ndiyenera kukaoneka ndili moyo. Achemwali andione ndi maso, avomere. Apo ayi ndilibe pogona."

"Ndiye kwerani basi, madala. Mabasi alipo."

Anandiyang'ana ngati ndine mwana. "Basi ikanditsitsa pamsewu. Kuchoka apo ndiyende wapansi, ndekha, kukafika dzuwa litapendeka, kutulukira kuseri kwa nkhokwe. Amabwera choncho ndani? Anthu akathawa, ena akatola miyala. Koma munamvapo mzukwa woliza hutala?"

"Ayi, sindinamvepo."

"Ndiye ine ndifike masana, pagalimoto, fumbi kobo, hutala kuyambira pamlatho. Ndinachoka pagalimoto, ndibwerere pagalimoto. N'chifukwa chake ndimaijambula. Ndimafuna ndiione itaima pabwalo paja. Koma nthawi zonse ikamafika poti iime, dzanja limakana."

Usiku umenewo masokosi sindinawerenge n'komwe. Kujambula sindikanawathandiza. Koma kunenerera ndimatha.

Ku Mfuleni kunali dalaivala wina wa ku Balaka amene ankanyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi: mafiriji, matiresi, njinga, malata. Anali ndi baki, pikiapu yaikulu ya mipando iwiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinamupeza pabwalo akumanga katundu ndi zingwe, ndinamufotokozera zonse. Za mtengo wa ulendo sitinalimbane kwenikweni, anzathu a kometera anali atagwirizana kale zothandiza. Tinalimbana pa zina.

"Mpando wakutsogolo," ndinatero, "wa pawindo."

"Pamenepo pamakhala wondithandiza."

"Akhale pamatiresi, ndi mwana. Chachiwiri, simukawatsitsa pa tala. Mukalowa nawo mpaka pakhomo."

"Akulu, msewu wa kumapiri uja umadya matayala."

"Matayala anuwa anadyedwa kale, ndikuona waya apa. Chachitatu, mukafike dzuwa lili pamutu. Mukachedwa pa boda, mukagone panjira, mukalowe mawa lake."

"China?"

"Hutala. Kuyambira pamlatho."

"Kangati?"

"Mpaka agalu atatopa."

Anaseka, n'kundipatsa dzanja. Anavomera msanga kwambiri. Pa ntchito yanga ndimadziwa kuti munthu akavomera msanga pali chimene sunachione, koma tsiku limenelo ndinachoka ndikudziyamikira, ndikuyenda ngati mwini renki.

Ndinachiona m'mawa wa ulendo. Kumbuyo kwa baki anali atakolekako thirela yoyera, yaitali, yotseka pamwamba. Aliyense wa ife amaidziwa thirela imeneyo. Pampando wakumbuyo panali amayi awiri atafunda zitenje kumutu, maso ali ofiira. Mlongo wawo, mnyamata amene ankagwira ntchito ya zomangamanga ku Parklands, anali atamwalira atadwala masiku ochepa, ndipo ankapita naye kwawo ku Kasungu.

Ndinamukokera dalaivala pambali. "Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Munanenerera mpando, msewu, dzuwa ndi hutala. Zakumbuyo simunafunse."

"Ntcheu amayamba, Kasungu ali kutsogolo! Mukalowa m'mudzi mwa munthu ndi bokosi?"

"Tikaimasula pa sitolo za pamsewu, tikaitenga pobwerera. Musadandaule."

Ndinatembenuka kuti ndikawauze madala kuti adikire ulendo wina. Ndinawapeza atanjuta kumbuyo kwa baki, atavala suti yakuda imene telala anawabwezera m'chiuno. Ankayang'ana matayala akumbuyo. Katundu ndi thirela zinali zitawapondereza mpaka kuphwatalala pamchenga, ndipo kunsi kwa galimoto kunali bii.

"Iyi ndiye yagunda pansi," anatero.

Anadzuka, anapereka moni kwa amayi aja ndi kuwapepesa. Kenako anavula chipewa, n'kugogoda pang'ono pa thirela. "Tiyeni, mwana wanga. Tonse tikupita kwathu." Telala anawaika pensulo m'thumba la jekete. Anakwera kutsogolo, anatsitsa galasi, n'kutulutsa chigongono pawindo monga tinawaphunzitsira. Baki inanyamuka.

Zotsatirazi ndinamva kwa dalaivala atabwerako, titamuzungulira m'kamkhukhu kometera. Sanafune kukhala pansi.

Atafika pa sitolo za pamsewu, pamene njira ya kumapiri imapatukira, anatsika kuti amasule thirela. Amayi aja anakana. Wamkuluyo anati mlongo wawo sangasiyidwe pambali pa msewu ngati thumba la makala, wayenda ulendo wonsewu osasiyidwa. Dalaivala anati ndiye hutala sindiliza, sindingalize hutala nditanyamula maliro. Mayiyo anayang'ana madala, amene anali atawafotokozera nkhani yawo m'njira, n'kunena kuti, "Lizani. Wathuyu sakumva. Agogowa afike."

Anayamba pamlatho, dzuwa lili pamutu, monga tinapanganira. Koma chimene tonse sitinachiganizire n'chakuti m'midzi ya kwathu masiku ano thirela yoyera ija amaidziwa kuposa ife. Ndipo m'mudzi umenewo pafupifupi khomo lililonse lili ndi mwana ku Joni. Anthu atangoona nambala yachilendo ndi thirela pambuyo, hutala ikulira, mayi wina anaponya ndowa pansi n'kuyamba kubuma. Wina anatulukira m'munda manja ali kumutu. Baki ikadutsa khomo osaima, kulira kwa pakhomopo kunkaduka, n'kuyambira khomo lotsatira. Aliyense ankalira wake, kutchula dzina la mwana wake. Anthu ankathamanga pambuyo pa thirela m'fumbi, osadziwa kuti akulondola maliro a yani.

"Ine ndayenda ndi mitembo yambiri," anatero dalaivala, "koma za tsiku limenelo ndinali ndisanazionepo. Mdala uja amangoti, pitirirani, pitirirani, kumanzere, pamtengo wa mango apo."

Anaima pa kanyumba kakang'ono ka udzu. Khamu lonse linaima patali, kudabwa, chifukwa pakhomo pamenepo panalibe wa ku Joni. Yekhayo amene anapitako anali kumanda kalekale. Gogo wina anali pamphasa akusenda mtedza. Sanadzuke.

Madala anatsegula chitseko n'kutsika. Ena mwa akuluakulu anawazindikira kutalika ndi kayendedwe, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo ngati madzi. Wina anakuwa. Gogo uja anaimirira pang'onopang'ono. Kumaso sanawayang'ane. Ankayang'ana kumapazi.

"Achemwali," anatero madala. "Ndine."

Anaponda pansi mwamphamvu, phazi ili, kenako ili, fumbi n'kudzuka. Gogoyo anawerama, anatapa dothi lodzaza dzanja, n'kuwaponyera pachifuwa. Dothi linamatirira pa suti yakuda ija, lina linawalowa m'kamwa, ndipo anayamba kutsokomola mpaka kugwira bondo. Apo m'pamene gogoyo anakweza maso. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Amene tinaika uja anali mnyamata," anatero. "Inu mwakalamba."

"Ndiye?" tinafunsa tonse. "Anawakumbatira? Anawalowetsa m'nyumba?"

Dalaivala anapukusa mutu. Amayi a ku Kasungu anali atayamba kulira m'galimoto, ulendo unali ukadali wautali. Iye anatsitsa chikwama cha madala n'kutembenuza baki. Pagalasi anangoona anthu awiri ataimirira moyang'anizana, pakati pawo pali mpata woti ngolo n'kudutsa, mpaka fumbi linawaphimba.

Miyezi inapita osamva kanthu. Nambala ya mphunzitsi ija inali itasiya kugwira. Pamalo oimika magalimoto ku Claremont panabwera mlonda wina, anavala chibibu chomwe chija. Kangapo konse ndinamuona chakumbuyo n'kuyesa ndi madala. Kometera tinapitiriza kujambula, koma ndinaona kuti aliyense, ngakhale wa nkhumba ngati ine, anayamba kudetsa kunsi kwa galimoto yake asanajambule n'komwe zitseko.

Potsiriza ndinamunyengerera dalaivala kuti akapatukenso. Zinanditengera ambulera yabwino, ya zitsulo zenizeni, imene ndinkasungira ine mwini. Atabwerako anafika Lamulungu masana ali ndi chidutswa cha katoni ya sopo m'manja.

Anawapeza, anatero. Atagona pamphasa pakhonde la mlongo wawo, ataonda kwambiri, gogoyo akuwaphikira phala. Amadyera mbale imodzi. Koma madzulo alionse gogoyo amawaza phulusa pakhomo la chipinda chawo, kuti m'mawa aone ngati pali mapazi. Madala amadziwa, ndipo akamatuluka amapondapo dala mwamphamvu. Manda aja sanawafafanize. Akuluakulu a mudzi anakhala pansi, anagwirizana kuti tsiku likadzafika adzawakumbira pambali pa bulangeti lawo. Madala anapita okha kukaona malowo, n'kuzula udzu.

Wometa anatenga katoni ija n'kuipachika pamsomali pamwamba pa galasi. Mwiniwake panalibe woti aimirire pambali, manja kumbuyo, komabe tinasiya malo ake.

Sinali pikiapu yakale ija. Inali baki ya dalaivala, katundu ali phiri pamwamba, kachigongono katatulukira pawindo. Matayala anali ophwatalala. Kunsi kwake anadetsa ndi pensulo, kenako ndi khala, kupaka mobwerezabwereza mpaka katoni kubooka pamalo ena. Pakati pa matayala ndi kudako panalibe mpata ngakhale wolowa singano.

Kumbuyo kwake kunali thirela. Anaijambula mosamala, ndi loko wake yemwe. Matayala ake anali ozungulira ngati mbale, ndipo pansi pake panali poyera.

"Apa aiwala," anatero mnyamata wina wa ku Parklands, amene anali watsopano pagululo.

Telala anangochotsa kapu yake kumutu n'kuibwezeranso.

"Bwana wogula," anatero wometa motsitsa mawu, "tikudikira mtengo."

Ndinadzuka monga mwa nthawi zonse, ndinaiyang'ana chammbali. Mwendo unakana kumenya theche. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, ndinayang'ana katundu n'kumusiya wopanda mtengo. Ndinakhala pansi, wometa n'kuyatsa makina.

Dalaivala uja anasintha njira, masiku ano amalowera ku Dedza, ndipo za madala sitinamvenso. Katoni ija ikadali pamsomali, yafwifwa ndi chinyezi, ndipo pamsomali umenewo sitipachikaponso china. Ine ndikadali pa renki ndi maambulera anga. Koma dzuwa likafika pamutu, chithunzithunzi cha munthu chikamabisala kunsi kwa nsapato, ndimapezeka ndasuntha pang'ono kuti ndichione. Ndipo Lamulungu lililonse, ndisanapite kometera, ndimaimbira mlongo wanga kumudzi. Nkhani zenizeni sindikhala nazo. Ndimangofunsa za mvula, za ana, kenako ndimati, "Nthochi zija za kuseri kwa nyumba zilipo zonse?"

Iye amaseka. Amaganiza kuti kuno ndikufa ndi njala.